Thandizo Loyamba Padooko: Kabuku ka Mabanja a M'mbali mwa Dambo la Elephant Marsh

## Chifukwa chake kabukuka kalembedwa

Kuyambira kumunsi kwa Chikwawa Boma, kutsika ndi Shire kummawa kwa Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Chiromo kumene Ruo amathira, anthufe timadya za m'dambo. Mlamba ndi makakana zimachokera momwemo. Madimba a chimanga ndi mbatata ali m'mphepete mwake. Bango, msipu wa ng'ombe, ngakhale nyika zimene amayi amakazula njala ikafika posauzana, zonsezi n'za m'dambo. Njovu zimene David Livingstone anaona kuno mu 1859, zimene zinapatsa dambo dzina loti Elephant Marsh, zinatha kalekale. Koma ng'ona ndi mvuu zilipobe, ndipo madzi akadali akuya.

Vuto lathu ndi mtunda. Munthu akavulala padooko ngati la Mchacha James, kapena bwato likagubuduka powoloka pa Mtayamoyo pakati pa Bangula ndi Makhanga, dokotala sakhala pafupi. Zipatala zilipo: St Montfort ku Nchalo, cha ku Ngabu, Kalemba ku Bangula, Trinity ku Fatima kutsidya la kummawa, ndiponso zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje. Koma kuti mukafikeko pamafunika bwato, kenako kabaza kapena njinga yamoto, ndipo m'dzinja misewu ina imaduka. Chonsecho munthu womira ubongo wake umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6 asakupuma. Wolumidwa ndi ng'ona pantchafu magazi akhoza kumuthera musanamalize n'komwe kufunafuna njinga.

Choncho amene amapulumutsa munthu padooko ndi msodzi mnzake, mayi wogula nsomba, wopalasa bwato, kapena mwana wa sukulu amene anaphunzitsidwa. Ndipo tinene mosabisa: anthu ena amene timataya sanaphedwe ndi madzi kapena chilombo chokha ayi. Anapwetekedwanso ndi thandizo lolakwika la abale owakonda. Werengani kabukuka mokweza pakhomo, ndipo yeserani ndi manja zimene kakunena.

## Zinthu zitatu zoyambira pa ngozi iliyonse

1. Dzitetezeni poyamba. Yang'anani ngati chilombo chikadali pafupi, ngati madzi akuthamanga, ngati gombe likugumuka. Mukavulala nanunso, ovulala akhala awiri, wothandiza palibe.
2. Itanani anthu ndipo agawireni ntchito powatchula mayina. Kukuwa kuti "wina athamange!" sikuthamangitsa munthu. Nenani kuti uyu akatenge njinga yamoto, uyo akaitane mlangizi wa zaumoyo, winayo abweretse nsalu yoyera.
3. Onani kupuma ndi magazi musanaone china chilichonse. Amene akulira mokweza akupuma. Yambani ndi amene ali chete.

## Munthu akamira

Apa ndi pamene tikhalitse, chifukwa ndi pamene pamalakwika zambiri. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 300,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chomira, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Kuno tinaziona ndi maso pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pa namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Koma kumira sikudikira namondwe. Kumachitika tsiku lowala bwino, amayi akuchapa, mwana ali poteropo.

Munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa. Mutu umangotuluka n'kulowa, pakamwa pali pamlingo wa madzi, manja akumenya madzi m'mbali. Mwana amene amasewera mwaphokoso akangoti zii, thamangani mukamuone.

### Kumuvuula

1. Mufikireni ndi chinthu chachitali muli pamtunda kapena m'bwato: nkhafi, nsungwi, chitenje chopota. Gonani chafufumimba kapena gwadani kuti asakukokereni m'madzi.
2. Akakhala patali, muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, makamaka chomangirira chingwe. Chigubu cha malita 20 chimayandamitsa munthu wamkulu.
3. Ngati muli m'bwato, musamukwezere m'mbali, bwato lingagubuduke. Agwire kumapeto kwa bwato, inu mupalase kupita posaya.
4. Kulowa m'madzi kukhale komalizira, ndipo alowe wodziwa kusambira bwino, atanyamula chigubu choti womirayo agwire. Munthu womira amakumbatira ndi mphamvu zosaneneka. M'dambo muno mulinso namasupuni, matope ndi maukonde akale, zimene zimakola miyendo ngakhale ya katswiri.

Bwato likagubuduka inu muli momwemo, ligwiritsitseni ngati likuyandama, ndipo tayani katundu. Thumba la chimanga mudzapeza lina. Lisiyeni bwato pokhapokha ngati yaligubuduza ndi mvuu ndipo ikadali pomwepo.

### Kuona ngati akupuma

Mugonekeni chagada pamalo ouma ndi olimba. Muitaneni dzina, mugwedezeni mapewa. Akapanda kuyankha, ikani dzanja limodzi pachipumi, zala ziwiri pansi pa chibwano, n'kupendeketsa mutu chambuyo pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke. Ngati m'kamwa muli matope kapena udzu umene mukuuona, uchotseni. Ikani tsaya lanu pafupi ndi pakamwa pake, maso ali pachifuwa, kwa masekondi 10 okha.

Chenjerani: munthu amene akungoyasamula pakamwa mwa apo ndi apo, ngati mlamba woponyedwa pamtunda, sakupuma. Muthandizeni ngati wosapuma.

### Ngati sakupuma

1. Tsinani mphuno yake, ikani pakamwa panu pa pakamwa pake mosasiya mpata, ndipo muuzireni mpweya ka 5. Ulendo uliwonse onani kuti chifuwa chakwera. Chikapanda kukwera, konzaninso mutu n'kuyesanso.
2. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, pafupa limene lili pakati pa mabere, dzanja linalo pamwamba pake. Wongolani zigongono.
3. Dinikizani mwamphamvu ka 30, chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, ndipo chizibwerera chokha musanadinikizenso. Liwiro lake ndi pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse.
4. Uziraninso mpweya kawiri, kenako dinikizani ka 30. Pitirizani choncho: 30 ndi 2, 30 ndi 2.
5. Muzisinthana ndi mnzanu pakatha mphindi 2 zilizonse, chifukwa manja akatopa sadinikiza mokwanira.
6. Musaleke mpaka atayamba kupuma bwino, kapena wachipatala atafika n'kutenga ntchitoyo, kapena nonse mutatheratu mphamvu.

Kwa mwana wamng'ono, gwiritsani ntchito dzanja limodzi. Kwa khanda losakwana chaka, gwiritsani ntchito zala ziwiri, mutu wake ukhale wolunjika osaupendeketsa kwambiri, ndipo pakamwa panu paphimbe mphuno ndi pakamwa pake pamodzi, n'kuuzira pang'ono chabe. Chifuwa cha mwana chizilowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwake.

Ambiri amaopa kuuzira mpweya poganiza kuti atenga kachilombo ka HIV. Kachilomboka sikafala kudzera m'malovu. Ndipo munthu womira chimene chamuthera ndi mpweya, choncho kuuzirako ndiye mankhwala ake enieni. Ngati mwalephereratu, musangoima: dinikizani pachifuwa mosalekeza pamene mukuitana wina woti auzire. Nthiti ikathyoka podinikiza, pitirizani, nthiti imapola. Ngati womirayo ndi mayi ndipo odziwa ntchitoyi ndi abambo okha, kapena ndi apongozi anu, manyazi aikeni padera. Palibe m'bale amene adzakudzudzuleni chifukwa chomubwezera mpweya munthu wake.

Si onse amene amatsitsimuka, ngakhale mutachita zonse bwino. Zikatero, mlandu si wa amene anayesa, ndipo anyakwawa ndi akuluakulu a pamudzi ayenera kumuteteza munthu woteroyo ku zonenanena.

### Zolakwika zofala

- Kumuzondotsa kapena kumuzunguza mutagwira miyendo kuti madzi atuluke. Kumataya mphindi zimene akanalandira mpweya.
- Kumuponda kapena kumufinya pamimba. Zimene zimatuluka ndi za m'mimba, ndipo zikalowa m'mapapo zimamutsamwitsa. Akasanza yekha, mutembenuzireni chammbali, pukutani m'kamwa, n'kupitiriza.
- Kuyamba maliro musanaone ngati akupuma. Thupi lozizira ndi milomo yakuda sizitanthauza kuti wapita.
- Kumukweza panjinga ali wosapuma. Panjinga simungadinikize pachifuwa. Yambirani pomwepo, wachipatala abwere kwa inu.

### Akayamba kupuma

Mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba utapindidwa, pakamwa pataloza pansi kuti masanzi azituluka. Muvuleni zonyowa, mufunditseni zouma. Musamupatse kachasu kapena mowa uliwonse kuti "atenthedwe", ndipo musamumwetse kanthu asanatsitsimuke bwinobwino.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino. Madzi a m'dambo akalowa m'mapapo, vuto likhoza kuonekera patapita maola angapo. Kutsokomola kosalekeza, kubanika, thovu m'kamwa, kutentha thupi, kapena kugona kwachilendo kwa mwana ndi zizindikiro zoti musadikire kuti kuche.

## Ng'ona kapena mvuu ikavulaza munthu

Ng'ona ikagwira mnzanu, imenyeni m'maso ndi pamphuno ndi nkhafi kapena mtengo, muli pamalo otetezeka, uku mukukuwa. Ikamusiya, mukokereni kutali ndi madzi, chifukwa imatha kubweranso. Zikatero mdani wotsala ndi kutaya magazi.

### Kuletsa magazi

1. Tengani nsalu yoyera kuposa zonse zimene zilipo, chitenje kapena malaya, ipindeni n'kudinikiza pabala ndi mphamvu zanu zonse. Ngati pali jumbo yoyera, valani m'manja kuti musakhudze magazi.
2. Bala likakhala lakuya, lowetsani nsalu mkati mwake mpaka lidzaze, kenako dinikizani pamwamba.
3. Musatukule nsalu kuti muone ngati magazi aleka. Dinikizani kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Magazi akadutsa, onjezani nsalu ina pamwamba ndipo wonjezani mphamvu.
4. Magazi akachepa, mangani nsaluyo zolimba ndi chitenje china.
5. Mugonekeni pansi ndi kumufunditsa, ngakhale kunja kukutentha. Munthu wotaya magazi amazizidwa msanga.

### Kumanga mwendo kapena mkono

Njira iyi ndi ya pamene moyo uli pachiswe: magazi akuthovoka pamwendo kapena pamkono ndipo kudinikiza kwakanika, kapena chiwalo chaduka.

1. Pindani chitenje kuti chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi. Waya, mphira yopyapyala ndi chingwe cha ukonde ayi, zimacheka mnofu.
2. Chizunguliritseni kawiri pamwamba pa bala, cha kumene kuli thupi, motalikira masentimita 5 mpaka 7. Osamanga pabondo kapena pachigongono penipeni.
3. Mangani mfundo, ikani kamtengo kolimba, mangani mfundo ina pamwamba pake.
4. Potozani kamtengoko mpaka magazi ataleka. Zimapweteka kwambiri, ndipo wovulalayo adzakupemphani kuti mumasule. Musamasule.
5. Mangirirani kamtengoko kuti kasabwerere, ndipo lembani kapena lowezani nthawi imene mwamanga. Mukafika kuchipatala, chimenecho chikhale choyamba kuwauza.

Womasula ndi wachipatala yekha. Kumasula panjira kuti "magazi ayendeko" kwaphetsa anthu. Yesetsani kufika pasanathe maola 2.

### Mvuu

Mvuu imaphwanya mafupa ndi kuboola thupi. Mwendo kapena mkono ukathyoka, musauwongole. Ikani nsungwi kapena thabwa mbali zonse ziwiri, nsalu pakati, n'kumanga kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo. Matumbo akatuluka, musawabwezere mkati: aphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowetsa ndi madzi aukhondo, kapena ndi jumbo yoyera, ndipo agone chagada mawondo atapinda. Akavulala pachifuwa ndipo akubanika, mukhazikeni motsamira. Akamadandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, munyamuleni pachitseko, mmodzi atagwira mutu kuti usagwedezeke.

Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa angafunike opaleshoni. Akamalira ludzu, munyowetseni milomo yokha.

### Mabala ang'onoang'ono

M'kamwa mwa ng'ona ndi m'madzi a m'dambo muli tizilombo tambiri. Bala looneka laling'ono lero likhoza kutupa, kununkha, n'kudulitsa mwendo sabata yamawa. Litsukeni nthawi yaitali ndi sopo ndi madzi a pamjigo kapena owiritsa, osati a m'dambo. Liphimbeni ndi nsalu yoyera ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalitsuke mkati, akupatseni mankhwala ndi jakisoni wa kafumbata.

Pabala musaikepo dothi, ndowe, phulusa, fodya, mchere, petulo, ufa wa m'mabatire kapena masamba otafuna. Dothi ndi ndowe ndiye kwawo kwa kafumbata.

M'midzi mwathu nkhani ya ng'ona siichedwa kusanduka nkhani yoti yatumidwa ndi munthu. Kabukuka sikakuweruza zimene mumakhulupirira. Pempho ndi limodzi: magazi ayambe aletsedwa, munthu ayambe wafika kuchipatala. Mukatero kadziwitseni amfumu ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire, amene ali ndi maofesi ku Lengwe, kuti adziwe za chilombocho.

## Njoka

Madzi akasefukira, njoka nazonso zimathawira kumtunda, m'nyumba, m'nkhokwe ndi m'milu ya bango. Mphiri imatupitsa ndi kuwoletsa mnofu. Njoka zina zimafooketsa thupi mpaka munthu kulephera kupuma. Simufunika kudziwa mtundu wake kuti muthandize, ndipo musataye nthawi kuisakasaka.

1. Muchotseni pamalo pamene pali njokayo, mukhazikeni mtima pansi.
2. Vulani mphete, zibangiri, nsapato ndi chilichonse chothina, chiwalo chisanatupe.
3. Mangirirani chiwalocho kukamtengo kolimba, mosathinitsa, kuti chisamagwedezeke.
4. Munyamuleni. Asayende, asathamange, asapalase njinga, chifukwa kutero kumafalitsa ululu.
5. Panjira muziona kupuma kwake. Akasanza kapena kukomoka, mugonekeni chammbali. Akaleka kupuma, muuzireni mpweya ndi kudinikiza pachifuwa monga tafotokozera.

Osatema mphini pabala, osayamwa, osawotcha, osadalira mwala wakuda. Ndipo gwirani ichi: kumanga zolimba ndi kamtengo kuja n'kwa magazi othovoka basi, osati kwa njoka. Mwendo wolumidwa ndi mphiri ukamangidwa choncho umawola msanga. Zikope kugwa, malovu kuchucha, kulephera kumeza ndi magazi m'nkhama ndi zizindikiro zoti ululu wafalikira. Pitani kuchipatala chapafupi, iwo adzadziwa ngati akufunika kutumizidwa kwina.

Njoka ikalavulira munthu m'maso, tsukani ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi 15 mpaka 20, zikope zili zotsegula. Asatikite. Kenako apite kuchipatala.

## Minga ya nsomba ndi mbedza

Msodzi aliyense amaudziwa munga wa mlamba ndi wa nkhonokono powonjola nsomba mu ukonde. Tsukani ndi sopo, chotsani kachidutswa ngati kakuoneka, kenako viikani dzanja m'madzi otentha amene dzanja lanu labwino likutha kupirira, kwa mphindi 30 kapena mpaka ululu utachepa. Kutenthako kumachepetsa kuwawa. Dzanja likatupa, likafiira mokwera cha kumkono, kapena munga ukathyokera mkati, pitani kuchipatala.

Mbedza ikangokola khungu, itulutseni pang'onopang'ono mmene inalowera. Ikalowa mpaka ndevu zake, musaikoke mwamphamvu: dulani chingwe, phimbani, akaichotse achipatala. Ikakola diso, chikope, khosi kapena polumikizira chala, musaikhudze n'komwe.

## Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala

Kuchigwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Asodzi, olima m'madimba, okalamba ndi makanda ndi amene amagwa msanga.

Munthu akamamva chizungulire, mutu, nseru, kukokana kwa minofu, thukuta lili kamukamu, mugonekeni pamthunzi, miyendo itakwezedwa pang'ono. Mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa, ndipo azimwa pang'onopang'ono Thanzi wosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Thanzi akasowa, sungunulani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga, tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Musaonjeze mchere.

Akayamba kubwebweta, kudzandira, kugwedezeka ngati wa khunyu, kapena kukomoka kumene, thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi yakupha. Muthireni madzi ambiri thupi lonse, mukupizeni, ikani nsalu zonyowa m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Yambani kumuziziritsa pomwepo ndipo pitirizani muli panjira. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Kumbukiraninso kuti malungo aakulu amaoneka chimodzimodzi, choncho akayezedwe magazi.

## Kupsa powamba nsomba

Pamadooko moto wowambira nsomba sukhala wozima, ndipo ana amakwawa pafupi. Munthu akapsa, thirani madzi aukhondo ozizira kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zovala zimene sizinamatirire. Phimbani ndi nsalu yoyera kapena jumbo yoyera. Osabowola matuza. Osapaka mazira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena inki. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena kokula kuposa chikhatho cha wopsayo, ndiponso kupsa kulikonse kwa khanda, n'kwa kuchipatala.

## Khunyu pafupi ndi madzi

Munthu wa khunyu akhoza kumira m'madzi ofika m'akakolo. Khunyu si matenda opatsirana: malovu ake, mkodzo wake, ngakhale mpweya umene angatulutse sizingakupatseni matendawa. Anthu ena afera m'madzi ndi pamoto abale akuonerera chifukwa cha mantha amenewa, ndipo n'zomvetsa chisoni kwambiri.

Akagwa m'madzi, tukulani mutu wake kuti nkhope ikhale pamwamba, n'kumutulutsa. Pamtunda, chotsani zimene zingamupweteke, ikani nsalu pansi pa mutu, osamupanikiza, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Kugwedezeka kukatha, mugonekeni chammbali ndi kuona kupuma. Kukapitirira mphindi 5, kapena ngati anagwera m'madzi, pitani naye kuchipatala. Wa khunyu asapite yekha kukasamba, kukatunga kapena kukawedza, ndipo asadumphitse mankhwala ake.

## Mphezi

Kukayamba kugunda, tulukani m'madzi ndipo musabisale pansi pa mtengo umene uli wokhawokha. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga moto m'thupi. Mugwireni msanga, ndipo ngati sakupuma yambani kudinikiza pachifuwa ndi kuuzira mpweya.

## Zimene zimabwera pambuyo pake

Aliyense amene wamwa madzi a m'dambo pangozi, muzimuyang'anira kwa masiku angapo. Kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno pa mliri wa 2022 mpaka 2023. Yambani kumumwetsa Thanzi nthawi yomweyo uku mukupita kuchipatala. Magazi mumkodzo nthawi zambiri ndi likodzo, osati chizindikiro choti mnyamata wakula. Mankhwala ake alipo, ndipo ana asawathawe a zaumoyo akabwera nawo kusukulu.

## Kunyamula wovulala

Machira mungapange ndi nsungwi ziwiri zolimba ndi matumba awiri obowola m'makona, kapena ndi zitenje zomanga bwino. Panjinga yamoto, wovulala akhale pakati, wina kumbuyo atamugwira ndi kupitiriza kudinikiza pabala. Wokomoka asakhazikidwe panjinga: agone chammbali m'ngolo, m'galimoto kapena pamachira. Mmodzi wopita naye akhale amene anaona ngoziyo, kuti akafotokoze chimene chinachitika ndi nthawi yake. Tengani buku lake la kuchipatala ngati lili pafupi, koma musachedwe chifukwa cha bukulo.

## Kupewa

- Mwana wosakwana zaka 5 akhale pamene dzanja lanu likufika. Kumusiyira mchemwali wake wa zaka 7 si kumusamala.
- Vundikirani zitsime za m'madimba ndi migolo ya madzi.
- Pamalo otungira ndi ochapira, mangani mpanda wa mitengo yothithikana m'madzi, ndipo muziukonza madzi akaphwa.
- Musatumbulire nsomba pamene anthu amasamba. Matumbo a nsomba amaitana ng'ona.
- Pewani kulowa m'madzi mbandakucha, chisisira ndi usiku. Amayi opita kukazula nyika asapite okhaokha, ndipo mmodzi azikhala m'bwato kuyang'ana.
- Musadutse pakati pa mvuu ndi madzi, ndipo mvuu ya mwana italikireni.
- Bwato likadzaza, dikirani ulendo wina. Wopalasa akaledzera, tsikani. Pamene pali majekete oyandamitsa, valani ndi kumanga malamba ake.
- Chenjezo la madzi osefukira likamveka pawailesi kapena kwa a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi, samukani kukadali kowala.

## Zoti dooko lililonse likhale nazo

Zambiri mwa izi zili kale m'makomo mwathu. Chofunika n'kuziika pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, osati m'nyumba yokiya ya munthu amene angakhale atapita kumsika.

- Zigubu ziwiri zopanda kanthu, chilichonse chomangirira chingwe chachitali
- Nsungwi yaitali yovuulira munthu
- Zitenje zinayi zochapa ndi kusita, zosungidwa m'chidebe chotseka
- Sopo, majumbo oyera, timitengo tiwiri tolimba, tochi
- Mapaketi a Thanzi ndi chigubu cha madzi othira klorini, osinthidwa kawirikawiri
- Machira
- Manambala a foni a mlangizi wa zaumoyo, a njinga zamoto awiri kapena atatu, ndi a chipatala chapafupi, olembedwa poonekera
- Kandalama ka mafuta a njinga, kosonkha asodzi ndi ogula nsomba, kuti pasakhale kukambirana mtengo munthu akutaya magazi

Kuwerenga kokha sikukwanira pa ntchito yodinikiza pachifuwa, manja amafunika kuzolowera. Yeserani pathumba lodzaza bwino, osati pamunthu amene akupuma. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa thandizo loyamba, ndipo alangizi a zaumoyo angakuthandizeni kupeza wophunzitsa.

Inu a komiti ya padooko, anyakwawa, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ikani nkhaniyi pamsonkhano wanu wotsatira. Sankhani anthu osachepera anayi padooko lililonse, amayi awiri ndi abambo awiri amene amapezeka pamalopo tsiku ndi tsiku, ndipo aphunzitsidwe mvula isanayambe.